Kufunafuna Bwana Makiloni

Lolemba

Ndatenga tchuthi cha sabata yonse. Ku ofesi ku Arlington ndawauza kuti ndi nkhani za m'banja, ndipo sindinaname.

Adadi akubwerera ku Mulanje Lachiwiri la sabata yamawa. Anabwera kuno ku Hyattsville kukutentha, tsopano masamba ayamba kuthothoka ndipo akuvala majuzi awiri m'nyumba momwemo. Loweruka tikuwachitira phwando lotsanzikana mu holo ya tchalitchi ku Lanham. Dzulo titatuluka m'mapemphero pakamwa panga panandipachika. Ndinauza amayi anzanga kuti paphwandolo ndidzalengeza dzina lenileni la agogo awo a Adadi, mzungu uja, pamodzi ndi sitima ya pamadzi imene inamubweretsa. Anaomba m'manja. Kubwerera m'mbuyo kulibenso.

Zimene tikudziwa za munthuyu:
Anali wa ku Scotland, malinga ndi Adadi.
Anabwera kudzalima khofi m'tsinde mwa phiri, dziko likadali Nyasaland.
Anabereka mwana mmodzi ndi mtsikana wa m'mudzi mwathu, ndipo mwanayo ndiye mayi a Adadi.
Anachoka mwana asanayambe kuyenda. Sanabwererenso.
Anthu ankamutcha Bwana Makiloni.
Anali ndi ndevu zofiira, ndipo ankadya tomato wosaphika ngati mango.

Basi, chuma chathu chonse ndi chimenechi.

Chikundikakamiza ndi chakuti Adadi ayamba kuiwala tinthu. Dzana ndinapeza magalasi awo mu filiji, pambali pa mazira. Koma za Makiloni saiwala. M'mawa uliwonse ndikatsegula kompyuta amaima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi n'kufunsa ngati makina angawa sangamupeze munthuyu. Ndikufuna adzakwere ndege ali ndi yankho.

Amuna anga, bambo a Tadala, ndi Chinyanja chawo cha ku Lusaka: "Manje mukamupeza muzamuchita chani? Anafa kudala." Ndawauza kuti mbale zikuwadikira.

Dongosolo langa: Lachiwiri dzina. Lachitatu sitima. Lachinayi chithunzi. Lachisanu kusindikiza ndi kuika mu felemu. Zosavuta!

Lachiwiri

Pa intaneti pali maina a anthu amene ankakwera sitima kuchoka ku Britain. Ndalemba Makiloni. Makina akuti kulibe munthu wotero.

Ndapempha Adadi kuti atchule dzinalo monga ankalitchulira mwini wake. Andiyang'ana ngati mwana wa sitandade 1, poti uphunzitsi sunawachoke, n'kunena pang'onopang'ono: Ma-ki-lo-ni. Zikomo kwambiri, aphunzitsi.

Ndiye ndayamba kulota ndekha. McLean? MacLaine? McLennan? Macklin? Ndikalemba lililonse, maina akutsika ngati ngumbi mvula itagwa. Zikuoneka kuti theka la Scotland linali a Makiloni, onse anakwera sitima, ndipo amene sanali John anali James. Ena ku Canada, ena ku Australia, ena ku Natal. Wa ku Mulanje palibe. Alembi a nthawi imeneyo nawonso ankalemba ngati nkhuku yapalasa pamchenga.

Adadi akokera mpando pafupi. Ine ndikusaka dzina, iwo akuwerenga zina: zaka za munthu, ntchito yake, ana amene ali nawo. Wosula zitsulo. Woweta nkhosa. Wantchito wa m'nyumba, mtsikana wamng'ono, yekhayekha. Aloza mzere wina ndi chala n'kufunsa ngati ndi zoona kuti mayiyu anakwera nyanja ndi khanda la miyezi itatu. Ndati zalembedwa choncho. Apukusa mutu nthawi yaitali. Akuti nthawi zonse ankaganiza kuti azungu ankabwera atakhuta.

Achimwene aimba kuchokera ku Lilongwe. Nkhani yawafika kale, sindikudziwa yadzera kuti. Moni wachidule, kenako funso: kodi munthu amene agogo ake a bambo ake anali mzungu angapeze pasipoti ya ku Britain? Ndati dikirani ndimupeze kaye. Akuti ndifulumire, iwo zithunzi ajambulitsa kale.

Mpunga wapserera. Maso akuwawa. Dzina palibe. Koma ndi Lachiwiri chabe.

Lachitatu

Ndamupeza!

Sali m'maina a opita ku Africa ayi. Ali pa tsamba la mayi wina wa ku New Zealand, dzina lake Maureen, amene amalemba mbiri ya banja lake. Makolo ake, a McLean, anachoka ku Scotland pa sitima ya matanga kukayamba mudzi kumeneko. M'sitimamo munali kamnyamata, James. Atakula anakana zoweta nkhosa, n'kunena kuti akupita ku Africa kukalima khofi. Kuchokera pamenepo, zii. Banjalo silinamvenso za iye, ndipo Maureen wakhala akumufunafuna kuyambira ali mtsikana.

McLean. Khofi. Africa. Munthu wozimirira osatsanzika. Ndifunenso chiyani?

Palinso chithunzi. Ndi chakale, chopanda mitundu, koma ndevuzo ukaziyang'anitsitsa zikuoneka kuti zinali zofiira. Adadi avala magalasi, ayandikitsa nkhope, abwerera m'mbuyo. Akuti makutuwo ndi a bambo anga aang'ono a ku Chitakale, osachita kufunsa.

Ndalemba imelo. Tiyi asanazizire, yankho lafika, lodzaza ndi zizindikiro zofuula. Madzulo ano taimbirana pa vidiyo. Kwawo kunali kale Lachinayi m'mawa, zimene Adadi akana kukhulupirira mpaka mayiyo atatembenuza foni kutionetsa dzuwa likutuluka pamwamba pa nkhosa.

Ndi gogo wa msinkhu wa Adadi, wamfupi, tsitsi mbuu, juzi yoluka yekha. Mwamuna wake anamwalira, ana ali ku Australia. Atangoona nkhope ya Adadi wagwira pakamwa n'kuyamba kulira. Adadi, amene sindinawaonepo akulira ngakhale pamaliro a Amama, atulutsa mpango n'kuyamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

Watifotokozera za ulendowo monga anamvera kwa agogo ake. Miyezi yoposa itatu osaona mtunda. Mabanja ambirimbiri m'chipinda chimodzi cha pansi, mabedi osanjikizana, nyali yoletsedwa kuopa moto. Mabisiketi ouma gwa, okhala ndi anankafumbwe, moti ankawagogoda pathebulo asanadye. James anali ndi mlongo wake wakhanda amene anadwala pakati pa nyanja. Anamusokerera m'nsalu ya tanga n'kumutsitsira m'madzi, mayi ake akuyang'ana. Pamenepo Adadi avula chipewa n'kumupepesa mayiyo mwaulemu wonse, ngati maliro achitika dzulo.

Zimene ndachita chifukwa cha chisangalalo:
Ndalengeza pagulu la pafoni la amayi a kutchalitchi.
Ndaitanitsa nsalu ya mabokosimabokosi ya mtundu wa a McLean, yoti tonse tidzamange Loweruka.
Ndauza achimwene kuti zinthu zikuyenda.
Ndawaonetsa bambo a Tadala chithunzi, n'kuwafunsa kuti manje akuti chani.

Akuti makutu ali nawo aliyense. Nsanje basi.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru yoimbira azakhali ku Mulanje kuti nawonso amve uthenga wabwino. Ndi akulu kwa Adadi, ndipo ali mtsikana ankagona m'nyumba mwa agogo aja amene anabereka mwana ndi mzungu. Chifukwa chake sindinayambire kwa iwo Lolemba, Mulungu yekha akudziwa.

Ndaika foni pathebulo kuti tonse timve. Netiweki ikudukaduka, tambala akulira kumbuyo. Ndafotokoza zonse, sitima, New Zealand, makutu. Ndimayesa foni yaduka.

"Makiloni?" atero azakhali. "Iwe, Makiloni anali galu."

Ndati pepani azakhali, sindinamve bwino.

Akuti ndamva bwinobwino. Mzunguyo anali ndi chigalu chakuda chosamva. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde n'kumakuwa kuti Makiloni, Makiloni, mpaka mawu kumveka kutsidya kwa mtsinje. Anthu a m'munda, posadziwa dzina lake, anangomupatsa lomwelo. Agogo ankaseka nkhaniyi mpaka kutsokomola. Akudabwa kuti mlongo wawo, mphunzitsi wathunthu, sankadziwa. Akuti vuto lake anyamata sankakhala kukhitchini.

Ndafunsa dzina lake lenileni. Ankangoti Bwana. Ndafunsa ngati analidi wa ku Scotland. Akuti mzungu ndi mzungu. Nanga sitima? Akuti za sitima sakuzidziwa, anthu anamuona akufika atanyamulidwa pamachila, atagwira ambulera.

Kenako afunsa ngati Adadi akudya bwino, n'kutsanzika.

Adadi anyamuka, akaima pazenera, akuyang'ana agologolo pawaya wa magetsi. Bambo a Tadala alowa m'bafa n'kutsegula mpopi, koma mpopi subisa phwete la munthu wamkulu.

Ndauza achimwene. Afunsa: "Nanga galuyo analibe mapepala?"

Masana onse Maureen akutumiza zinthu. Chithunzi cha manda a makolo ake. Chithunzi cha bokosi la matabwa limene linawoloka nyanja, lomwe tsopano amasungiramo mabulangete. Kaphikidwe ka makeke a agogo ake. Uthenga uliwonse ukuyamba ndi mawu akuti msuweni wokondedwa. Akuti usiku wathawu wagona tulo tabwino koyamba chimwalirireni mwamuna wake.

Ndayamba kumuyankha kangapo. Ndikafika pa mawu akuti galu, ndikufufuta.

Nsalu ija ndayesa kuiletsa. Akuti ili kale m'njira.

Lachisanu

Kuyesa kotsiriza. Mwina, mwina, mzunguyo anatcha galu wake dzina la iye mwini. Anthu amachita zodabwitsa. Ngati James McLean anakhalako ku Nyasaland, mabuku akale a mu laibulale yaikulu ya mu mzinda wa DC anena.

Adadi avala suti ndi tayi. Akuti kunyumba ya mabuku sapitako ngati kumsika. M'sitima ya Metro apereka moni kwa aliyense amene wakhala moyang'anana nawo, ndipo mnyamata wina wa zingwe m'makutu wachita mantha mpaka kusintha mpando.

Mayi wothandiza owerenga ndi wokoma mtima. Wandibweretsera mabuku okhuthala, onunkha fumbi, ofotokoza azungu amene anatsegula minda ku Thyolo, Mulanje ndi Zomba. Ndafufuza mpaka khosi kuuma. James McLean mulibe. Azungu a ndevu ndi ambiri. Za agalu awo palibe analembapo. Mayiyo wandifunsa mwaulemu ngati ndikudziwa dziko lenileni limene James anapita, poti khofi ankalimidwa m'maiko angapo. Wandikumbutsa kuti Africa ndi yaikulu. Ine, wa ku Mulanje, kukumbutsidwa zimenezo mu DC!

Potuluka, Adadi palibe. Ndathamanga m'makonde ndi nsapato zogogoda, alonda akundiyang'ana. Ndawapeza ataima pachithunzi chachikulu cha pakhoma: sitima ya matanga padoko, anthu atadzazana m'mphepete mwake, ena pansi akukupiza mipango. Manja ali kumbuyo, ngati akuyendera kalasi.

Akuti akuyang'ana otsala padoko, osati okwera. Aloza nkhalamba ina pakona, yosakupiza kanthu, yongoima. Akuti ameneyo ndi bambo wa munthu, ndipo akudziwa kuti mwana wake sadzamuonanso. Kenako akuti tsiku limene ndinkanyamuka ku Chileka iwonso sanakupize dzanja, poti linalemera. Sanandiuzepo zimenezi. Ndangowakonza tayi imene inali yowongoka kale.

Kunyumba tapeza phukusi pakhomo. Nsalu ija. Sindikudziwa chimene ndinadina, koma yabwera yokwanira kuveka kwaya yonse pamodzi ndi abusa.

Ndapita kukagula nkhuku ndi ufa wa mandasi za mawa. Pobwerera ndamva kuseka pabalaza. Adadi ali pa vidiyo ndi Maureen, bambo a Tadala ndiwo awalumikizira. Akumuphunzitsa moni wa Chichewa, akumutcha mlongo, akumulonjeza tiyi wa ku Mulanje. Ndaima pakhomo ndi matumba m'manja.

Aiwala. Dzulo lomweli anali pathebulo pomwepo azakhali akulankhula, lero aiwala. Magalasi mu filiji ndinkaseka. Izi sindikuseka. Ndalowa kukhitchini n'kuyamba kudula anyezi wambiri kuposa amene ndikufuna.

Loweruka

Dongosolo latsopano: kukhala kukhitchini ya holo kuyambira pemphero lotsegulira mpaka lotsekera. Munthu wonyamula mbale safunsidwa mafunso.

Nsalu ya a McLean tayala pamatebulo onse, ina yatsala tatchinga nayo zenera losweka. Amayi akuiyamikira. Wina wafunsa ngati ndi ya ku Tanzania.

Anthu abwera ambiri, a ku Malawi ndi a ku Zambia omwe. Ana akuthamangathamanga, ukawalankhula Chichewa akuyankha Chingerezi. Tadala wavala chitenje pamwamba pa jinzi kuti asangalatse agogo ake. Kwaya yaimba, abusa apemphera, mkulu wa mpingo wayamikira Adadi chifukwa chokonza galamala ya pulogalamu ya mapemphero sabata iliyonse popanda wowapempha.

Ofunsa za sitima andipezabe kukhitchini komweko. Woyamba ndamuuza kuti mandasi akupserera. Wachiwiri ndamupatsa mbale kuti akagawe. Wachitatu, mayi wapampando, wangondigwira dzanja n'kuyamba kundikokera kutsogolo.

Andipulumutsa ndi Adadi, ngati kumeneko ndi kupulumutsa. Anali atatenga kale maikolofoni. Athokoza mpingo, athokoza mkamwini wawo, adandaula za kuzizira. Kenako atulutsa foni m'thumba la jekete, aikweza m'mwamba n'kunena kuti ulendo uno apeza mlongo wawo wa ku New Zealand, ndipo akufuna apereke moni.

Pafoni pali Maureen, atavala chipewa cha kutchalitchi, poti kwawo ndi Lamulungu kale. Wakonza kukhosi n'kunena, liwu lililonse palokhapalokha, kuti muli bwanji nonse. Holo yonse yayankha pamodzi. Nthungululu! Foni yayenda tebulo ndi tebulo, aliyense akufuna kumuona, amayi akumutcha agogo, wina akumulonjeza chitenje. Iye akungoseka ndi kupukuta m'maso.

Za dzina la mzungu ndi sitima yake palibe wafunsanso.

Ine ndaima pafupi ndi khomo la khitchini ndi chipande m'manja. Gogo wosalakwa walandiridwa ndi mpingo wonse chifukwa cha galu. Ndipo bambo anga akhulupirira. Bambo a Tadala abwera n'kuima pambali panga, osaseka ulendo uno. Angondilanda chipandecho n'kundipatsa mpando.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite, tonse tatopa. Ndikulongedza sutikesi ya Adadi: mankhwala, majuzi, nsapato za azakhali, ndi chidutswa cha nsalu ija chimene akuti akayala pathebulo la pakhonde.

Ndinakonzeka kuyambira m'mawa kuti ndiwakumbutse za galu uja. Ndakhala pabedi, ndapinda malaya amodzi kawiri, kenako ndayamba mozungulira. Ndati Adadi, mukukumbukira Lachinayi tinaimbira azakhali?

"Za galu zija?" atero, osatembenuka n'komwe. "Iwe, ukuyesa munthu angaiwale kuti wakhala moyo wake wonse akunyadira dzina la galu?"

Ndati nanga Maureen?

Akuti anamuuza Lachisanu, ine ndili kogula nkhuku, poti anaona kuti ine ndikungozungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Anamufotokozera zonse, khonde, machila, ambulera. Mayiyo anaseka mpaka agalu ake kuyamba kuuwa panja. Atatha kuseka anafunsa, motsitsa mawu, ngati angamaimbebe nthawi zina ngakhale zili choncho.

"Ndiye ndikanati chiyani? Nkhalamba ili yokha, ana ali kutsidya kwa nyanja, madzulo ilibe woyankhula naye. Moyo umenewo ndimaudziwa. Ndinamuuza kuti alongo ndilibe okwanira."

Apitiriza kusanja masokosi. Ine ndayang'ana pansi. Ndafuna kunena kuti ndiziimba pafupipafupi, koma mawu otero ndinawanenapo kale. Ndangotenga foni yawo n'kuwaonetsa pamene azidina akafuna vidiyo, kwa Maureen ndi kwa ine. Ayesa okha mpaka akhoza, ndipo andiimbira ndili pambali pawo pomwepo.

Mmene sabata yathera:
Dzina la agogo silinapezeke.
Sitima sinapezeke.
James wa Maureen akadali kwinakwake mu Africa yaikuluyi.
Achimwene sakuyankha mauthenga anga.
Felemu ndinagula kale, ilibe choikamo.

Mzungu wathu anapita osasiya dzina, ndipo ndavomereza kuti makina anga samupeza. Kompyuta ndatseka. Mawa ndipempha tsiku lina ku ofesi kuti Lachiwiri ndiwaperekeze ku bwalo la ndege ndekha.

Uthenga walowa tsopano lino. Azakhali atsopano a ku New Zealand akuti amva kuti ku Mulanje kumazizira mwezi wa Juni, ndipo ubweya ali nawo wambiri. Akufuna kutilukira zipewa, ndiye apempha muyeso wa mutu wa aliyense, kuyambira Adadi, azakhali, Tadala, mpaka bambo a Tadala. Adadi akhala kale pampando, avula chipewa, akudikira.

Ndikupita kukafuna tepi.